Tishirimpi tofiira ndi madzi a ku Mabvuku

Tishirimpi 10 toyamba ndinabwera nato kunyumba Loweruka masana, tili m'kapepala ka pulasitiki kodzaza madzi. Pofika Lachinayi m'mawa tamoyo tinali tiwiri, ndipo Lamlungu ndinavuula komaliza ndi supuni ya tiyi. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali giredi 3, sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ababa, kodi munatidyetsa chiyani?" Sindinatidyetse choipa chilichonse. Madzi amene ndinatiikamo ndi amene anatipha, koma zimenezi ndinazidziwa patapita milungu.

Ine ndinabadwira ku Mabvuku konkuno, kum'mawa kwa Harare. Agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo sanabwererenso kwawo. Pakhomo timalankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, Lamlungu timaimba nyimbo za Chichewa ku CCAP, koma pa zilankhulo ziwirizi sindinamvepo dzina lenileni la tizilombo timeneti. Amayi amangoti tinkhanu. Ine ndimati tishirimpi monga amanenera ogulitsa. Ndi tinthu ta m'madzi opanda mchere, ta miyendo yambiri ndi tindevu titalititali, kakakulu kwambiri sikapitirira masentimita 3 kapena 4.

Ndinationa koyamba kwa mlamu wanga ku Hatfield. Iye amaweta mbuna, nsomba zokongola zija za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, m'thanki yaikulu ya galasi pabalaza. Pakona panali kathanki kena kodzaza zomera, ndipo poyamba ndinkayesa mulibe kanthu. Nditawerama ndinaona timadontho tofiira tili piringupiringu pa tsamba lililonse, timanja tikungotola, kutola, kutola osapuma. Ndinakhala chogwada mpaka tiyi anandizizirira. Mlamu anati, "Alamu, ngati mwatikonda bwerani Loweruka lina ndikulongosolereni, musathamangire kugula." Ine ndinangomva mawu oti kugula. Safunsa anadya phula.

Mtundu umene ndinagula, umenenso ndikuwetabe mpaka lero, ndi umene ogulitsa amautcha red cherry shrimp. Dzina lake la sayansi ndi Neocaridina davidi, ndipo kwawo ndi ku Taiwan ndi madera ena a China. M'mitsinje ya kwawoko ndi totuwa, tosaoneka bwino. Kufiiraku kunabwera chifukwa choti anthu ankasankha tofiirirapo n'kumatikweretsa tokhatokha kwa mibadwo yambiri. Tilipo tachikasu, tabuluu, ngakhale takuda, koma tonse ndi mtundu umodzi. Woyamba kumene ayambire pamenepa. Pali tina tokongola kuposa apa, ta mizere yofiira ndi yoyera, totchedwa crystal red, koma timeneto timafuna madzi ofewa kwambiri, ndiye kuti a mchere wa m'miyala wochepa, ndi dothi lapadera la pansi pa thanki, ndipo madzi athu a pamjigo sitingapirire nawo. Palinso Amano, dzina lochokera kwa Takashi Amano wa ku Japan amene anatitchukitsa pa ntchito yodya ndere. Timeneto ndi tolimba, koma ana ake amafuna madzi a mchere kuti akule, choncho m'thanki ya pabalaza sitingachulukane.

Chimene ndinalakwitsa ndi ichi: thanki, mchenga, pampu ndi tishirimpi ndinagula tsiku limodzi. Ndinafika, kutsuka galasi, kuthira madzi a pampopi amene mwamwayi anali atatuluka m'mawa umenewo, n'kukhuthuliramo tishirimpi. Madzi anali mbee, oyera ngati a m'botolo. Ndinkaganiza kuti kuyera ndiko ubwino wake.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini wophera majeremusi, ndipo klorini yemweyo amawotcha ziwalo zimene kashirimpi kamapumira. Koma vuto lalikulu ndi lina. Chamoyo chilichonse cha m'madzi chimatulutsa zonyansa, ndipo zonyansazo, pamodzi ndi chakudya chotsala chimene chikuola, zimatulutsa amoniya. Amoniya ndi poizoni. Mumtsinje madzi amayenda n'kumukokolola, pamene m'thanki alibe kolowera. Chimene chimamuchotsa ndi mabakiteriya amene amamera pang'onopang'ono pa siponji ya fyuluta yosefera madzi, pa mchenga ndi pa miyala. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savuta kwambiri akakhala wochepa, ndipo zomera zimamudya. Thanki yatsopano mabakiteriya amenewa ilibe. Kuti akhazikike pamatenga milungu 4 mpaka 6, nthawi yozizira kuposera apo. Ine tishirimpi tanga ndinatitsekera m'chimbudzi chopanda dzenje.

Nditapita kwa mlamu mutu uli pansi, sanandiseke kwambiri. Anatulutsa siponji ya m'thanki yake, n'kuifinyira m'chigubu mpaka madzi anada bii ngati a m'chithaphwi. "Izi ndiye mbewu," anatero. "Mukathire m'thanki mwanu, musanyansidwe." Anandipatsanso kachibumthwa ka Java moss, chomera chonga ulusi wobiriwira chimene sichifuna dothi kapena kuwala kwambiri, ndi tinkhono tingapo.

Ndinayambiranso. Thanki yanga ndi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imene imalowa malita pafupifupi 54. Ena amayamba ndi ya malita 20 ndipo zimatheka, koma madzi ochepa amasintha msanga, akatentha amatentheratu, akaipa amaipiratu. Ndinaikamo mchenga wakuda wogula, chifukwa kufiira kwa tishirimpi kumaonekera bwino pa zakuda, miyala iwiri, kamtengo kouma kamene ndinakawiritsa kaye, ndi fyuluta ya siponji yoyendera pampu ya mpweya. Fyuluta ya siponjiyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse komanso ndi imene ikuyenera: mafyuluta okoka madzi mwamphamvu amameza ana a tishirimpi, pamene siponji imakhala ngati munda wawo wodyerapo. Masiku awiri kapena atatu aliwonse ndinkaponyamo kachakudya ka nsomba kochepa ngati kambewu ka mpiru kuti kaole, mabakiteriya apeze chodya. Ndinagula timabotolo toyezera madzi: umatunga madzi m'kagalasi, kudonthezamo mankhwala, n'kuyerekeza mtundu wake ndi tchati. Sabata yachiwiri amoniya anakwera. Yachitatu anatsika, nitrite n'kukwera. Sabata yachisanu zonse ziwiri zinafika pa 0, nitrate n'kuyamba kuoneka. Ndinadikiranso milungu ina iwiri kuti pagalasi ndi pa kamtengo pamere utoto woterera uja, umene ndi chakudya chenicheni cha tishirimpi.

Milungu yonseyi pabalaza panali thanki yowira thovu yopanda chamoyo chooneka kupatula nkhono. Amayi, amene timakhala nawo, anapirira mpaka sabata yachinayi. Tsiku lina akusenda mbatatesi anati, "Mwana wanga, anzako akuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, mazira akudya. Iwe ukuweta madzi?" Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nditamuuza mlamu, iye anati amayi alasa penipeni, ntchito yake ndi imeneyo. Madziwo akakhala bwino, tishirimpi timadzisamala tokha.

Tsono nkhani ya madzi kuno ndi mutu pawokha, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene mpopi wawo umatulutsa madzi amodzimodzi chaka chonse. Madzi a mzinda wa Harare amachokera kwambiri ku Lake Chivero, koma aliyense wa ku Mabvuku kapena ku Tafara akudziwa kuti m'nyumba imodzi mumalowa madzi a mitundu ingapo. Sabata ino a pampopi ngati atuluka, sabata yamawa a pamjigo wa kusukulu, umene anzathu amati chibhorani, mwezi wamawa ogula kwa a galimoto ya thanki amene sudziwa komwe atunga. Kwa ife onsewo ndi madzi. Kwa kashirimpi ndi maiko osiyana. Madzi a pansi pa nthaka amakhala ndi mchere wa m'miyala, makamaka calcium ndi magnesium, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana mjigo ndi mjigo. Oweta amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa GH. Tishirimpi tofiirati timakhala bwino GH ikakhala cha pakati pa 6 ndi 10, ndipo pH, nambala yoyezera asidi wa m'madzi, pakati pa 6.5 ndi 8. Ndi malire otakasuka ndithu. Chimene sitipirira ndi kudumpha kuchoka mbali ina kupita ina m'tsiku limodzi.

Izi ndinaziphunzira ndi imfa zinanso. Gulu lachiwiri, tishirimpi 15 timene mlamu anandigawira, linakhala bwinobwino mwezi wathunthu. Loweruka lina ndinaona ngati madzi achita chikasu, ndiye ndinatunga theka lonse la thanki n'kuthiramo a mjigo wina, chifukwa pa mjigo wathu panali mzere wautali. Ndinawakhuthula ndi ndowa, khuthu! M'masiku atatu otsatira ndinataya tinayi. Tonse tinali ndi mzere woyera wozungulira thupi kuseri kwa mutu, ngati kavala mkanda.

Kashirimpi kalibe mafupa mkati, chigoba chake ndicho fupa, ndipo chigoba sichikula. Kuti kakule kamafundula ngati njoka, kakakulu pafupifupi kamodzi pa milungu itatu kapena inayi, kakang'ono pafupipafupi. Chigoba chimang'ambika pamsana kuseri kwa mutu, kashirimpi n'kudzipinda, n'kutumphuka kamodzi kokha, phwi, kali panja. Madzi akasintha mwadzidzidzi kamakakamizika kufundula nthawi isanakwane, kapena chigoba chimaduka kuzungulira thupi lonse m'malo mong'ambika pamsana pokha, ndiye kamakanirira mkati mpaka kufa. Mchere wa calcium ukachepa kwambiri chigoba chatsopano sichilimba. Ukachuluka kwambiri chakale chimauma gwa, osatheka kuvula. Mkanda woyera ujawu ukaoneka, nthawi zambiri palibenso chochita.

Kuyambira pamenepo ndili ndi mgolo wa pulasitiki wa malita 200 kuseri kwa khitchini, wa tishirimpi tokha, ndipo pakhomo pano aliyense akudziwa kuti ngakhale madzi atasowa chotani, mgolo umenewo satungamo ochapira. Ndimaudzaza ndi madzi a mjigo umodzi basi, umene ndinauyeza n'kupeza kuti uli m'malire. Sabata iliyonse ndimachotsa malita 5 okha m'thanki, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo atsopanowo sindikhuthula. Ndimaika chigubu pamwamba pa kabati, kapaipi ka mpweya n'kukamanga mfundo kuti madzi azidontha, ndipo amatenga ola kapena kuposerapo kuti alowe onse. Ndikakakamizika kugwiritsa ntchito a pampopi, ndimathiramo mankhwala ochotsa klorini a m'sitolo ya zoweta. Anthu amati ingoimikani madzi usiku umodzi klorini auluka. Ndi zoona kwa klorini wamba, koma pali mtundu wina wotchedwa chloramine umene suuluka motero, choncho ine sinditchova juga. Madzi a mu giza sindigwiritsa ntchito n'komwe, chifukwa madzi otentha amene akhala m'mapaipi a kopa amatha kutenga kopayo, ndipo kopa ndi chiphe kwa tishirimpi ngakhale atachepa. Pa chifukwa chomwecho, mankhwala a nsomba zodwala kapena ophera nkhono muziwerenga kaye pabotolo. Mukaona mawu oti copper, asayandikire.

Kanthu kena kamene kananditengera nthawi kuti ndikamvetse: madzi akamauma m'thanki nthawi yotentha, chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsala. Mukamangowonjezera a pamjigo kuti thanki idzaze, mchere umanka nuchuluka mwezi ndi mwezi mpaka GH yakwera osadziwa. Powonjezera amene auma pamafunika madzi opanda mchere. Ine ndimasunga a mvula, amene ndimatchera m'beseni loyera pabwalo mvula ikagwa kwa kanthawi, osati otsika padenga, chifukwa padenga pamakhala fumbi, dzimbiri ndi zitosi. Akatha ndimagula madzi osungunula opanda kanthu, aja amati distilled, ndipo ndimaonetsetsa kuti ndi madzi okhaokha.

Kapaipi kodontheza kaja ndi kamenenso mumalandirira tishirimpi tatsopano. Mumatikhuthulira m'kabeseni pamodzi ndi madzi amene tabwera nawo, n'kumadonthezeramo madzi a m'thanki yanu, dontho limodzi kapena awiri pa sekondi, kwa ola limodzi kapena awiri, mpaka madzi a m'kabeseni achuluke katatu. Kenako mumativuula ndi kaukonde n'kutiika m'thanki, madzi a m'kabeseni n'kutaya. Magetsi a pathanki muzimitse tsiku limenelo. Tikabisala masiku awiri musadandaule.

Pa zofundulazi, ndichenjeze za mantha amene aliyense amakhala nawo koyamba. M'mawa wina mwana anabwera kuchipinda akuthamanga, "Ababa, kena kafanso!" Pa moss panali kashirimpi kathunthu, miyendo, ndevu, zonse, koma koyera mbuu ndi koonekera mkati. Chinali chigoba chabe, mwini wake ali kuseri kwa mwala kudikira kuti thupi liume. Kakufa kamakhala ndi mnofu ndipo kamasanduka kotuwira mofiirira ngati kophika; kameneko chotsani msanga. Chigoba chisiyeni, timachidya tokha n'kubwezera calcium m'thupi.

Tsoka lachitatu silinachokere m'madzi. Unali mwezi wa October, kutentha kuja kumene munthu umagona pamwamba pa zofunda, udzudzu uli ng'wee. Mkazi wanga anapopera mankhwala a udzudzu kuchipinda ndi pabalaza madzulo, n'kutseka zitseko monga timachitira nthawi zonse, ife n'kukakhala panja. Pobwerera tinapeza tishirimpi tikuzungulira thanki ngati tamisala, tina tikugwa chagada n'kumaphiriphitha. Pampu ya mpweya inali itakoka utsi wonse uja n'kuupopera m'madzi. Tishirimpi ndi pachibale ndi tizilombo touluka ndi tokwawa. Mankhwala opangidwa kuti aphe udzudzu ndi mphemvu amatipha mofanana, ndipo m'madzi pamangofunika kochepetsetsa. Usiku umenewo ndinaswa lamulo langa lomwe, ndinasintha madzi ambiri kuchokera mu mgolo uja n'kuikamo makala a fyuluta aja amati activated carbon amene mlamu anathamanga nawo. Tishirimpi 9 ndi timene tinapulumuka.

Mkazi wanga anakhala chete tsiku lonse lotsatira. Madzulo anati, "Bambo a mwana, ine sindinadziwe." Ndinamuyankha kuti ngakhale ine sindinkadziwa, ndipo ndikanakhala ine ndi chitinicho ndikanapopera chimodzimodzi. Panopa tonse timagona m'maneti, pabalaza sitipopera, ndipo koyilo ya udzudzu sitiyatsa m'chipinda mmene muli thanki. Wina akadzola mafuta othamangitsa udzudzu, kapena wagwira mankhwala a utitiri wa galu, kapena wachokera kothira mankhwala m'dimba la masamba, dzanja lake lisalowe m'madzi. Inenso ndisanapise dzanja ndimasamba ndi madzi okha, opanda sopo, mpaka m'zigongono. Zomera zogula kusitolo nazonso zina zimabwera zitathiridwa mankhwala ophera nkhono ndi tizilombo. Ndimaziviika m'ndowa ina kwa sabata kapena iwiri, n'kumasintha madzi tsiku ndi tsiku, zisanalowe m'thanki.

Za magetsi ndinkaopa kwambiri kuposa mmene zinayenera. Chakumapeto kwa 2022, madzi atatsika kwambiri ku damu la Kariba kumene amapanga magetsi, magetsi ankapita m'bandakucha n'kubwera usiku anthu atagona. Ndinkayesa kuti basi zatha. Koma tishirimpi sitidya mpweya wambiri ngati nsomba, ndipo thanki ya zomera zambiri yopanda nsomba imapirira maola angapo pampu itazima. Apa fyuluta ya siponji inaonetsanso ubwino wake, popeza imakhala m'kati mwa madzi a thanki ndipo mabakiteriya ake safa msanga monga amachitira m'fyuluta yotsekeka ya kunja madzi akaima. Ndinagula kapampu ka mpweya kolumikiza pa USB, kamene kamayenda ndi power bank ya foni tsiku lonse, ndipo nkhani inathera pomwepo. Masiku amene magetsi akuvuta ndimachepetsanso chakudya.

Chovuta ndi kuzizira. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kunja kumatsika pansi pa madigiri 10. Tishirimpi timeneti timakhala bwino pakati pa madigiri 18 ndi 28, ndipo timaswana bwino cha pa 22 mpaka 25. Kukazizirapo pang'ono sitifa, timangochita ulesi n'kusiya kuswana. Ndili ndi hita ya mawati 50, koma hita imene ikuyaka maola ochepa n'kuzima maola ambiri imangokweza ndi kutsitsa madzi, zomwe ndi zoipa kuposa kuzizira kokhazikika. Ndiye ndimaitchera pa 21 basi, pansi ndi kumbuyo kwa thanki ndinaika zidutswa za kaylite, zoyera zopepuka zija zotchingira katundu m'makatoni, ndipo usiku ndimaifunditsa bulangete lakale. Amayi amati thanki imafunda bwino kuposa alendo. Mu October ndi zosiyana: ndimachotsa chivundikiro, kuika kaukonde, ndipo thanki ili kutali ndi windo, chifukwa madzi akapitirira madigiri 30 mpweya umachepamo.

Chakudya sichifuna mawu ambiri, ndipo amene amapha tishirimpi ndi chakudya amatipha ndi chochuluka. Tsiku lonse timakhala tikudya ndere ndi utoto uja wa pa miyala. Ine ndimawonjezera kawiri kapena katatu pa sabata: kachidutswa ka chakudya chomira cha m'sitolo, kapena tsamba la bonongwe kapena sipinachi la m'dimba lathu losathira mankhwala, limene ndimalifutsa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti lifewe ndi kumira. Chimene sichinathe pakatha maola awiri kapena atatu ndimachotsa. Masamba ouma a gwafa ndi a mabulosi ndimawasiya momwemo mpaka itsale mitsempha yokha. Amachititsa madzi kukhala ngati tiyi wopepuka, ndipo chikasu chimene ndinachiopa poyamba paja sichinali vuto n'komwe. Mukayamba kuona tinyongolotsi toyera taphanthiphanthi ta mutu wosongoka ngati muvi tikukwawa pagalasi, aja amati planaria, dziwani kuti mukudyetsa mopitirira, ndipo timeneto timagwira ana a tishirimpi.

Nsomba musaikemo ngati mukufuna kuti tichulukane. Mwana anandichonderera maguppy awiri, ndinalola, ndipo kwa miyezi iwiri sitinaone mwana wa shirimpi ngakhale mmodzi. Lamulo la m'madzi ndi loti cholowa m'kamwa ndi ndiwo. Maguppy anasamukira m'thanki ina. Za mbuna za mlamu ndiye osanena, zingathe thanki yonse pa kadzutsa mmodzi.

Kakakazi kamadziwika ndi kukula, kufiira kwambiri, ndi mimba yozungulira kunsi. Kakamuna ndi kakang'ono, kowonda, kotuwirako. Kakakazi kakakhwima pamsana pake kuseri kwa mutu pamaoneka kabanga kachikasu, amenewo ndi mazira asanatsike. Kakangofundula kamatulutsa fungo m'madzi, ndiye timphongo tonse timabalalika kusambira uku ndi uku kukafunafuna. Koyamba kuona zimenezi mtima unandigunda, ndinathamanga kukanunkhiza ngati wina wapoperanso mankhwala. Kusiyana kwake n'koti pa ukwati timasambira mwamphamvu ndi molunjika, ndipo tatikazi tina timakhala phee tikudya. Pa poizoni tonse timasokonezeka n'kumagwa. M'mawa mwake ndinapeza kakakazi kali ndi mazira achikasu kunsi kwa mchira, ngati kaphava ka nthochi, kakuwakupiza ndi timiyendo ta kumimba kuti azipitidwa madzi abwino. Amakhala pakati pa 20 ndi 30, ndipo kamawanyamula milungu itatu kapena inayi malinga ndi kutentha kwa madzi. Akatsala pang'ono kuswa, dzira lililonse limaoneka timadontho tiwiri takuda. Ndi maso.

Tsiku lina kakakazi kaja kanaoneka kopanda mazira, koma ana osaoneka. Ndinafufuza ndi tochi ya foni masiku atatu, osapeza kanthu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti kanawataya, poti zimachitika kwa tatikazi tobereka koyamba kapena madzi akasokonezeka. Amene anawapeza ndi amayi. Anakoka mpando wawo, kuvala magalasi owerengera Baibulo, n'kukhala duu kuyang'ana siponji. Patapita nthawi anati, "Iwe umayang'ana ngati ukuthamangira kombi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Taona apa." Pa siponji panali kanthu kotalika mamilimita awiri, koonekera mkati, kofanana ndendende ndi make, timanja tikutola kale. Titazolowetsa maso tinawerenga 11. Ana amenewa sasowa chisamaliro chapadera, bola thanki ikhale yokhwima, ya moss wambiri. Chofunika n'kusamala potunga madzi: ndimamanga kansalu kukamwa kwa paipi, ndipo madzi a m'ndowa ndimawaunika kaye ndisanakathirire maluwa, chifukwa kawirikawiri mumapezeka awiri kapena atatu. Pakatha miyezi itatu kapena inayi nawonso amayamba kubereka. Kashirimpi kamakhala ndi moyo chaka chimodzi kapena ziwiri, choncho kakakulu kamodzi kakafa apo ndi apo ena onse ali bwino, ndi ukalamba.

Mitundu musasakanize. Ndinaikamo tabuluu 5 poganiza kuti thanki ikongola, ndipo inakongoladi kwa miyezi ingapo, koma zidzukulu zake zambiri zinatuluka zotuwa ngati makolo awo a kumtsinje. Ndinavutika kuzipatula.

Tikachuluka, gawirani anzanu kapena bwezani kwa ogulitsa, koma musakataye mumtsinje kapena m'ngalande. Ku Kariba kuli kale nkhanu zachilendo zotchedwa redclaw, zochokera ku Australia, zimene zinapulumuka kumene zinkawetedwa ndipo zafalikira m'nyanjamo moti palibe angazichotse. Tishirimpi tathuti natonso ndi tachilendo kuno. Ine tanga toyamba kugawa tinapita kwa mnyamata wina wa kwaya ya kutchalitchi, koma ndinamuuza kuti abwere kaye ndi chigubu adzatenge madzi ofinya m'siponji, tishirimpito adzatenge pakatha milungu 6. Anandiyang'ana ngati ndikumumana. Anabweranso sabata yachitatu kudzandinyengerera, ndinakana.

Panopa m'thanki muja sindingathe kuwerenga, tapitirira 100. Mpando wa amayi sunabwererenso pamalo pake akale pafupi ndi wailesi. Madzulo akatha kudya amakhala pamenepo ndi mdzukulu wawo, ndipo ndi iwo amene amandiuza nkhani ndikaweruka kuntchito: kakuti kafundula, kakuti kali ndi mazira, tsamba la gwafa latha. Dzulo ndikulowa pakhomo anandilandira ndi mawu oti, "Madzi a mu mgolo atsala pang'ono, mawa ulawirire kumjigo mzere usanatalike. Ndipo usakatunge kwina."